Tatay Akwera Jipi ya ku Leon

Matenda a Nanay, amayi anga, anatiphunzitsa kuopa tinthu ting'onoting'ono. Anayamba ndi kuthira shuga mu ndiwo, kenako ankandiitana ndi dzina la mng'ono wawo amene anamwalira ine ndisanabadwe, ndipo chakumapeto sankamudziwanso mwamuna amene anakhala naye pabanja zaka zoposa makumi asanu. Tatay, bambo anga, ndi amene ankawasambitsa, kuwapesa tsitsi ndi kuwamwetsa phala, osadandaula, mpaka tsiku limene tinakawaika m'manda kwathu kuno ku Oton. Ndiye patapita zaka zingapo, Tatay nawo atayamba kuyankha zosagwirizana ndi funso, mtima wanga unangoti myuu.

Ine ndine Leonisa, koma aliyense amangoti Nising. Ndili ndi kamalo kogulitsira chakudya kutsogolo kwa nyumba yathu, ndipo Tatay amakhala nafe, ine ndi mwamuna wanga Arnulfo. Dzina lawo ndi Teodulo, koma mukafunsa dzina limenelo pamsika palibe angakulozereni. Munene kuti Doloy telala, kapena Doloy wa kwaya. Anasoka madiresi a ukwati a theka la tauni ino, ndipo kwaya ya Misa yoyamba ya Lamulungu anaitsogolera kuyambira ine ndili ku pulayimale. Nthawi imene ndikunenayi n'kuti akuyandikira zaka makumi asanu ndi atatu.

"Tatay, mudya nsomba kapena nkhuku?" ndinkafunsa ndili kukhitchini.

"Ndatseka kale," ankayankha.

Tsiku lina Arnulfo anawauza kuti mdzukulu wawo wakhoza mayeso a unamwino. Iwo anapukusa mutu mwachisoni n'kufunsa kuti, "Maliro ali liti?" Arnulfo anaseka. Ine sindinaseke.

Chimene chinawathetsa mphamvu chinachitikira m'tchalitchi. Lamulungu lina, pa nyimbo yoperekera mphatso, Gliceria, mtsikana woimba limba, anawauza chapansipansi kuti ndime yomaliza aidumphe chifukwa wansembe anali atatsiriza kale kukonza paguwa. Tatay anavomera ndi mutu. Limba linasiya, kwaya inatseka pakamwa, koma iwo anaiyamba ndime ija okha, ndi mawu awo aakulu aja, dzanja lili m'mwamba. Anaimba mzere wathunthu asanazindikire kuti tchalitchi chonse chili zii. Ana ena kumbuyo anaseka. Sabata yotsatira sanapite kokonzekera nyimbo. Anati pakhosi pakuwawa. Pakhosipo panawawa mwezi, kenako miyezi.

Anayamba kukhala pampando wa pazenera kuyambira m'mawa. Makina osokera anawavundikira ndi nsalu. Munthu amene kale ankaseka mpaka kutsokomola, amene ankapatsa makasitomala anga onse mayina oseketsa, tsopano alendo akabwera ankangomwetulira, kugwedeza mutu, kenako n'kudzuka mwakachetechete kulowa kuchipinda. Ku Misa ankapitabe, koma ankakhala benchi yomaliza, pafupi ndi khomo.

Munthu mmodzi yekha ndi amene ankatha kuwatokosa mpaka ayankhe: Tiya Emyang, mchemwali wawo wamkulu, amene iwo amawatcha Manang mwaulemu. Tiya amakhala nyumba yachitatu kuchokera pathu. Anawaposa Tatay ndi zaka zisanu ndi ziwiri, koma m'mawa uliwonse amapita pabwalo la tauni kukavina ndi okalamba anzawo, atavala tisheti yachikasu, ndodo ili m'manja. Mawu awo ndi oti akakupatsani moni pamsika, asodzi a kudoko amayankha.

"Doloy!" ankakuwa ali pageti. "Ukudikira chiyani pazenerapo? Bokosi lako sanayambe n'kukhoma komwe!"

"Pitani mukavine, Manang. Bondo likakamasuka musandiitane."

"Bondo langa ndi lanzeru kuposa mutu wakowo. Dzuka, tiye ukaone akazi amasiye!"

Ndinkaona ndithu kuti Tiya okha ndi amene amayankhidwa molondola, koma zimenezi sizinkanditonthoza. Nanay nawonso anthu amene anachedwa kuwaiwala anali a paubwana wawo. Ine ndi Arnulfo tinagwirizana kuti tipite nawo kwa dokotala, koma sabata iliyonse pankapezeka chifukwa chozengerezera. Tinkaopa kukamva dzina la matenda limene tinkalidziwa kale.

Loweruka lina m'mawa ndinawapeza atavala nsapato ndi chipewa. Anati akupita mumzinda, ku Iloilo, kukagula ulusi ndi mabatani, chifukwa malaya awo a ku Misa anali atathothoka batani, ndipo mabatani ogulitsa kuno ndi onyozeka. Ndinasangalala kuwaona akufuna kutuluka, komabe ndinati, "Dikirani Arnulfo abwere, akuperekezeni pa galimoto." Anagwedeza mutu. Ndinabwerera kwa makasitomala, anyamata oyendetsa njinga zamoto amene ankafuna mpunga wowonjezera, ndipo pamene ndinkasuzumiranso m'nyumba, pampando wa pazenera panalibe munthu.

Ulendo wa mumzinda si wautali. Pofika masana ndinayamba kutukula mutu jipi iliyonse yonyamula anthu ikaima pamsewu. Ndinaimba foni yawo. Inalira mpaka kuduka. Ndinaimbanso, chimodzimodzi. Kenako ndinaona magalasi awo ali patebulo, pambali pa kapu ya khofi.

Arnulfo anathamangira mumzinda. Mayi wa m'sitolo ya ulusi anati inde, abwera m'mawa, atsutsana naye za mtundu wa mabatani, agula, apita. Arnulfo anafunsa pokwerera majipi, anazungulira msika, analowa m'chipatala. Nthawi iliyonse akandiimbira mawu anali amodzimodzi: "Palibe amene wawaona."

Ndinatseka malonda chakudya chili m'mapoto. Tiya Emyang anandipeza ndikuzungulirazungulira panja, foni ili kukhutu. Sanafunse zambiri. Anandigwira pamkono n'kundikhazika pabenchi ya makasitomala.

"Khala pansi, mwana iwe. Uponda anapiye."

"Tiya, akapanda kupezeka? Mukukumbuka Nanay tinawapeza pamlatho paja, opanda nsapato, akufuna amayi awo..."

"Ndikukumbuka. Tseka maso."

Anapemphera mwachidule, ndi mawu awo a pamsika omwe aja, ngati akulankhula ndi munthu amene waima tsidya la msewu. "Ambuye, Doloy mukumudziwa, ndi wouma mutu chibadwire. Kumene ali Inu mukumuona, ife sitikumuona. Mutumizireni munthu wanzeru. Ndipo mwana uyu mumukhazike mtima pansi asanatidwalire. Amen." Atatsegula maso anati, "Tsopano ika mpunga watsopano pamoto. Akabwera abwera ndi njala."

Ndinauika mpungawo pamoto. Usanapse, foni inalira. Nambala inali ya Tatay, koma mawu anali a munthu wina, okweza ngati akuitana bwato panyanja.

"Halo! Ndinu mwana wa Manong Doloy? Ine ndine Herminio, ndimasamalira tchalitchi kuno ku Leon!"

"Ku Leon?"

"Eya, ku Leon! Musade nkhawa, Inday, mwana wanga, ali bwinobwino! Adya nthochi zophika, amwa khofi! Foni yakhala ikulira m'thumba mwawo, iwo ali phee, ndiye ndawapempha kuti ndimuimbire amene akuwafunayu!"

Ndinakhala pansi pomwepo, pasimenti ya kukhitchini, n'kulira ngati mwana. Ali moyo, adya nthochi. Kwa kanthawi sindinkafuna kudziwa china chilichonse.

Arnulfo atafika ndi galimoto, Tiya anali oyamba kukwera, mpando wa kutsogolo. "Ku Leon ndinapitako komaliza ndili ndi mano anga enieni," anatero. "Tiyeni."

Msewu utayamba kukwera, mantha anayamba kubwerera pang'onopang'ono. Ku Leon ndi kumapiri, kwathu ndi kunyanja. Tatay analibe wachibale kumeneko, ngakhale kasitomala. Munthu wa nzeru zake, amene wakwera jipi ya ku Oton moyo wake wonse, akapezeka bwanji ku Leon? Ndinangoyang'ana kutsogolo. Arnulfo nayenso anangoyang'ana msewu. Tiya okha ndi amene ankawerengera minda ya eni ake kuti uwu walimidwa bwino, uwu mwini wake ndi waulesi.

Tinawapeza pakhonde la m'mbali mwa tchalitchi, pamthunzi. Pamiyendo pawo panali nsalu yoyera ya paguwa, ndipo ankasoka mphonje imene inamasuka, ndi ulusi umene anagula m'mawa, opanda magalasi, zala zokha zikudziwa njira. Pambali pawo panakhala bambo wamfupi, wa imvi, atagwira mbale ya makoko a nthochi. Ameneyo anali Herminio.

Tatay atationa anabaya singano pansalu n'kusiya. Nkhope yawo inagwa.

"Nising," anatero, osandiyang'ana m'maso. "Zayamba. Zija za amayi ako."

Ndinagwada pambali pawo. "Tatay, musatero."

Anangopitiriza. "Ndinamva woitanira akukuwa, Oton, Oton. Ndinakwera. Ndinasinza pang'ono. Podzidzimuka ndikuona mapiri, nyanja kulibe. Ndinafuna kufunsa, koma ndifunsa bwanji? Masiku ano anthu akamalankhula, phokoso ndimalimva lonse, koma mawu sagwirana. Zimakhala ngati aliyense akulankhula mpunga uli m'kamwa. Mutu wasiya kumasulira, mwana wanga. Ndakhala ndikudziwa kuyambira tsiku lija la kwaya. Sindinafune kukuuza. Unavutika kale mokwanira."

Anasalaza nsalu ija ndi chikhatho.

"Jipi itafika pomalizira ndinatsika, ndinaona tchalitchi, ndinalowa. Ndinawauza Ambuye kuti chabwino. Ngati njira yake ndi yomwe ija anayenda Salvacion mkazi wanga, ndavomera. Mwandipatsa zaka zambiri zabwino, sindingayambe kukangana nanu lero. Ndinapempha ziwiri zokha. Ndisadzatukwane ana ondisamalira. Ndipo ndikadzaiwala dzina langa, Inu musadzaliiwale. Nditanena zimenezo mtima unakhala pansi, koyamba miyezi yonseyi. Mpaka ndinamva njala."

Arnulfo anatembenukira kumsewu n'kumasisita m'maso. Ine ndinaika dzanja pabondo la Tatay. Kenako Herminio analowererapo.

"Pepani kulowerera za pabanja! Koma ine sindikumvetsa! Ifetu tacheza kuyambira masana! Andiuza za ansembe onse amene anadutsa ku Oton kuyambira ali mnyamata, uyu ankakonda mikono yaitali, uyu ankanenepa chaka ndi chaka mpaka kuwonjezera nsalu m'mbali! Andidzudzulanso kuti nsalu iyi timaichapa ndi sopo wolakwika! Mutu woiwala ndi umenewu?"

Tiya anamuyang'ana mwachidwi. "Bambo inu, mumakuwa chonchi masiku onse?"

"Ndaliza belu la pano zaka zambiri, Manang! Akazi anga amati ndimalankhula ngati kwayaka moto!"

Tiya anayang'ana Herminio, anayang'ana Tatay, kenako anadzigwira pakhosi ngati akuyeza mawu awo omwe. Anadzuka pang'onopang'ono, anazungulira kuseri kwa Tatay, n'kulankhula ndi mawu apansi amene sindinkadziwa kuti ali nawo.

"Doloy, dazi lakoli likuwala ngati kokonati wosenda."

Tatay ali phee, akupinda nsalu.

"Doloy, Salvacion anakulola chifukwa chongokumvera chisoni."

Phee.

Tiya anabwerera kutsogolo, anaima maso ndi maso ndi mlongo wawo, n'kutsegula pakhosi ponse. "Ndati dazi lako likuwala ngati kokonati wosenda!"

"Bola dazi, Manang," anayankha Tatay nthawi yomweyo. "Inu tsitsi lanu lakudalo limachokera m'botolo, tauni yonse ikudziwa."

Tiya anamenya ndodo pasimenti. "Makutu! Chitsiru iwe, ndi makutu! Oton, Leon, Oton, Leon. Woitanira uja ananena zoona, iwe ndi amene unangogwira kumchira!"

Herminio anaseka mpaka mbale ya makoko inagwa. Arnulfo anaseka. Ine ndinkaseka ndi kulira nthawi imodzi, nditagwira bondo la Tatay. Iwo ankangotiyang'ana mmodzimmodzi.

"Koma ndimamvatu," anatero. "Magalimoto ndimawamva. Agalu ndimawamva."

"Agalu salankhula!" anatero Tiya.

Asanakwere galimoto, Tatay anaumirira kuti atsirize kaye mphonje ija. Tinawadikira. Herminio anatipatsa nthochi zina za panjira, ndipo anakuwa mawu otsanzika mpaka titakhota.

Sindinalole mtima wanga kukhulupirira zonse mpaka tinakaonana ndi dokotala Lachiwiri lotsatira. Anali mtsikana wamng'ono ndithu, msinkhu wa mwana wanga. Anakoka mpando n'kukhala moyang'anizana ndi Tatay, ndipo ankalankhula mokweza, mosathamanga, akuwatcha Lolo, kutanthauza agogo. Anawafunsa tsiku ndi mwezi, anawauza kuti ajambule wotchi papepala, anawapatsa mawu angapo oti asunge n'kuwafunsanso patapita nthawi. Tatay anayankha zonse, n'kuwonjezerapo kuti amene anasoka jekete loyera la adokotala analakwitsa pamapewa. Kenako anawatumiza kwa oona makutu. Kumeneko anawachotsa litsiro louma limene linatseka khutu limodzi, n'kuwalowetsa m'kachipinda kopanda phokoso kuti azikweza dzanja akamva kulira.

Titabwerera, dokotala uja anatifotokozera. "Makutu akamakalamba sayamba ndi kutseka phokoso lonse ayi. Amayamba ndi kutaya tizidutswa ting'onoting'ono ta mawu. Munthu amamva kuti wina akulankhula koma osagwira chimene akunena, ndiye ambiri amaganiza kuti ndi mutu, n'kuyamba kuthawa anthu. Za mawa sindingalonjeze, Lolo, palibe dokotala angalonjeze. Koma lero mutu wanu uli bwino."

Tatay anamuyang'anitsitsa. Kenako anati, "Bwerezani."

"Simunamve, Lolo?"

"Ndamva. Ndikungofuna mubwereze."

Dokotala anabwereza, akumwetulira. Ndinamva mapewa anga akutsika, ngati ndatula thumba la mpunga limene ndinalisenza miyezi yonse ija osadziwa kulemera kwake.

Ndinkaganiza kuti nkhani yathera pomwepo. Koma atatulutsa timakina tiwiri tovala kuseri kwa khutu, Tatay anatiyang'ana ngati mphemvu yagwera m'mbale. Anati akaganiza kaye. Titatuluka tinalowa m'malo odyera pafupi ndi msika, tonse anayi, kukamwa msuzi wa nyama wotchedwa batchoy, ndipo mbale zisanafike n'komwe anali atamaliza kuganiza.

"Sindivala zimenezo. Anthu azindiloza kuti Doloy watha. Ndizingowauza kuti azikweza mawu."

"Tauni yonse izikuwa chifukwa cha iwe?" anatero Tiya.

"Inu mumakuwa kale popanda chifukwa."

"Tatay," ndinayamba, koma Tiya anandiletsa ndi dzanja. Anadikira mbale zifike. Kenako analowetsa zala m'kamwa, anatulutsa mano awo onse a m'mwamba, n'kuwaika pakapepala kopukutira, pambali pa mbale. Arnulfo anatsamwa ndi msuzi. Mtsikana woperekera zakudya anathawira kukhitchini atagwira pakamwa.

"Taona," anatero Tiya, milomo italowa m'kati. "Awa si anga. Maso awa dokotala ndi amene anachotsa ng'ala. Mwendo wachitatu uwu ndinagula pamsika. M'mawa uliwonse ndimadzilumikiza chidutswachidutswa ngati njinga yakale, ndikamaliza ndimati zikomo Ambuye, n'kutuluka. Wondiloza andiloze. Akandiloza ndiye kuti wandiona ndikuyenda."

Anabwezera mano aja m'malo mwake, anawakankha ndi chala mpaka anati kwa, n'kusendera pafupi ndi nkhope ya mlongo wawo.

"Ku Leon unawauza Ambuye kuti wavomera kuiwala ngakhale dzina lako. Chachikulucho unavomera, ndipo ndinanyadira pokumva. Tsopano Iwo akuti ayi, zimenezo si za lero, ingovala kanthu aka ukhale pakati pa anthu. Ndiye kakang'onoka ukukana? Pazenera paja wakhalapo mokwanira, Doloy. Amene anakupatsa zaka zimenezi sanakupatse kuti uziwotha ngati mphaka."

Tatay anayang'ana m'mbale, akutakasa msuzi ndi supuni. Anatakasa nthawi yaitali. Kenako mapewa awo anayamba kugwedezeka, ndipo ndinaganiza kuti akulira. Ayi, ankaseka. Anaseka mpaka kutsokomola, mpaka Arnulfo anawamenya pamsana, ndipo anthu a matebulo ena anatembenuka.

"Mano amenewo musadzawatulutsenso pagulu, Manang," anatero akupukuta misozi. "Ndivala. Koma musadzawatulutsenso."

Masabata oyamba sanali okoma. Ankadandaula kuti firiji ikulira usana wonse, kuti ndimaponya masupuni dala, kuti Arnulfo amatafuna ngati njati. Pofika masana ankavula timakina tija n'kutiika m'kabokosi, mutu ukuwawa. Dokotala anati ndi momwemo, apirire, ubongo uzolowera. Anapirira, tsiku lililonse kuwonjezera pang'ono. M'mawa wina ndinamva makina osokera akuyenda, kenako akuima, kenako mawu okwiya.

"Nising! Makina awa akhala akulira chonchi kuyambira liti? Bwanji palibe anandiuza kuti akufuna mafuta?"

Ndinawapititsira mafutawo ndikumwetulira, ndipo anandifunsa chimene chikundiseketsa.

Gliceria anabwera kunyumba kudzawapempha kuti ayambirenso kutsogolera kwaya. Anati miyezi yonseyi wakhala akudziimba mlandu. Tatay anamuuza kuti asiye zimenezo, anamupatsa mpando, anamufotokozera nkhani yonse ya ku Leon, akumuyerekeza Herminio mpaka mtsikanayo anagwira m'mimba. Koma za utsogoleri anakana.

"Dzanja langa latopa, Inday, lako ndi lachangu. Ndakhala ndikukumvera ndili kubenchi ya kumbuyo, ngakhale ndinkamva theka. Tsogolera. Ine ndikhala ndi anzanga oimba besi. Ukafuna kudumpha ndime, unditembenukire ndione pakamwa pako."

Si zonse zinabwerera. Pa maphwando, pamene anthu ambiri akulankhula nthawi imodzi, amasocherabe, ndipo amatopa msanga. Koma anasiya kugwedeza mutu pa zimene sanamve. Amangoti, "Sindinamve, bwerezani," kwa aliyense, kaya ndi wansembe kaya ndi mwana, ndipo sindinaonepo munthu akukana kubwereza. M'mawa amaperekeza Tiya pabwalo la tauni. Kuvina amakanitsitsa. Amangoyenda mozungulira bwalolo, manja kumbuyo, ndipo akafunsidwa amati akuyang'anira kuti mafupa a Manang akayoyoka awatole.

Inenso sindinachire tsiku limodzi. Akaiwala pamene aika lumo, mtima umadumphabe. Tsiku lina anandigwira ndikuwayang'anitsitsa akufufuza m'madilowa.

"Nising, kuiwala lumo n'kololedwa. Iwenso dzulo unapsereza nsomba, ine sindinaitane dokotala." Analipeza lumolo pansi pa nsalu, n'kuwonjezera, osandiyang'ana, "Zikadzabwera zidzatipeza. Ndinalankhula nawo kale Ambuye za zimenezo. Lero tili ndi ntchito."

Mwezi watha, mayi a tsidya la msewu amene tonse timawatcha Nanay Loleng anabwera kudzagula ndiwo, nkhope ili yotupa ndi mkwiyo. Amuna awo, Tonying, anali msodzi mpaka msana utakana. Anati bamboyo wayamba mwano pa ukalamba. Akamuitana satembenuka, akamutuma sopo amabwera ndi anyezi, wailesi amaikweza mpaka mbale kugwedezeka, ndipo akamudandaulira amati mkazi wake wayamba kung'ung'udza dala.

"Zaka zonsezi ndamuphikira, lero ndasanduka mphepo," anatero.

Tatay anali pamakina, khomo lili lotsegula. Ndinamva makina akuima. Anatuluka atavala kale chipewa, anapereka moni kwa Nanay Loleng, n'kuwoloka msewu. Tonying anali pakhonde pake, akusoka ukonde wa mwana wake. Zonse zinkamveka mpaka pamapoto anga.

"Tonying!"

"Ee, Doloy! Nsomba zatha, ubwere mawa!"

"Sindikufuna nsomba! Lachiwiri tikupita mumzinda, ine ndi iwe! Uvale malaya abwino!"

"Kukatani?"

"Kuli dokotala wachitsikana, akufuna akuone m'khutu!"

Tonying anasiya ukonde. Anaganiza kanthawi.

"Ndi wokongola?"

"Zimenezo ndiye wamva, galu iwe!" anakuwa Nanay Loleng ali pabenchi yanga, atanyamuka kale, ndiwo ataziiwala patebulo.